Mutu 6: Phulusa pa Mapaipi a Dona

1. Ngalande ziwiri m'khoma

Munali mu Okutobala, chaka cha 1956, dzuwa likuswa mtengo. Pa esiteti ya fodya ina kufupi ndi Nsaru amisiri ankamaliza nyumba yatsopano ya mzungu. Antchito ankamutcha Bwana Chipewa, chifukwa panalibe munthu amene anaonapo pamutu pake. Mkazi wake, dona, ankayembekezeka Loweruka kuchokera ku sitima ku Salima.

Donayo anali atatumiziratu kalata. Ankafuna beseni losukusuliramo m'bafa, la mipopi iwiri, wa madzi ozizira ndi wa madzi otentha. Koma mapaipi sankafuna kuwaona, akuti amanyansa. Madzi kuwafuna, njira ya madziwo ayi. Tsono mapaipi anayenera kubisidwa m'khoma.

Ntchitoyo inagwera Yesaya, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mwana wa malemu Elifasi. Masiku atatu anagoba khoma ndi tchizulo, ngalande ziwiri zochokera pansi mpaka m'chiuno, pamene beseni lidzakhale. Anadula mapaipi, anawatema mazinga, anakulunga khonje pamazingapo, anapaka penti wofiira, n'kumanga. Pa mfundo iliyonse imene wamanga ankachekapo timizere titatu ndi tupa. Anatengera bambo ake, amene ankati mmisiri wosasiya chizindikiro akukonzekera kudzakana.

Kapitawo wa amisiri anali Zakeyo, mwana wa mlongo wake wa Elifasi, ndiye kuti msuweni wa Yesaya. Elifasi atamwalira, akwawo anabwera kudzatenga zake monga mwa mwambo, ndipo bokosi lonse la zida linapita kwa Zakeyo. Mwana wake womubala anatsala ndi tupa limodzi lotha mano. M'mawa uliwonse Yesaya ankachita kupempha zida za bambo ake omwe, madzulo n'kuzibweza.

2. Mawu a Nambewe

Lachinayi m'mamawa Yesaya ankati azinyamuka, koma mayi ake, a Nambewe, anaima pakhomo.

"Khala pansi. Ndamva kuti lero mukwirira mapaipi."

"Ee, amayi. Atero a kapitawo."

"A kapitawo! Tchera khutu, ndinena kamodzi. Bambo ako anamanga mapaipi ku mishoni ku Nambuma zaka khumi, palibe khoma limene linalira. Lamulo lawo linali limodzi: paipi siikwiriridwa isanamwe madzi. Umatsegula madzi, umawaza phulusa louma pa mfundo iliyonse, n'kudikira. Phulusa likada, pamenepo pali bodza. Likakhala loyera mpaka m'mawa, kwirira.

"Nanga chinawachotsa ntchito n'chiyani? Unali wamng'ono, sitinakuuze zonse. Ndi nyumba yakale ija ya mzungu yemweyu. Malungo anawagwetsa masiku atatu ntchito ili pakati. Podzuka anapeza khoma lapakidwa kale, losalala bwinobwino. Anapaka ndani? Zakeyo. Itatha miyezi inayi khoma linayamba thukuta, penti n'kusupuka, njerwa n'kumafumbutuka ngati chigumu. Mzungu anafunsa kuti anamanga mapaipi ndani. Zakeyo anati, 'Ndi amalume, ine ndinangopaka.'

"Bambo ako anali pomwepo. Ankadziwa kuti mfundo ziwiri zakumapeto sanamange iwo. Kodi anatsegula pakamwa? Ayi. Akuti, 'Ndi mwana wa mlongo wanga, mbumba yanga, ndimuyalutse bwanji kwa mzungu?' Ine ndinati, 'Nanga ana anuwa akadya mbumbayo?' Mzungu anawapirikitsa ngati galu wakuba mazira. Chaka chisanathe tinawaika m'manda, anthu akuseka pamowa kuti mapaipi a Elifasi amakodza m'khoma.

"Tsono iwe. Ulemu ndi wabwino, ndinakuphunzitsa ndine. Koma ulemu wotseka pakamwa khoma likutsekedwa, umenewo ndi uchitsiru. Akafuna kukuchotsa, akuchotse. Munda ulipo, khasu lilipo. Koma ukakwirira chinthu chimene sunachiyese, usabwere kuno kudzandiuza kuti anandikakamiza. Mawu amenewo ndinawamva kale kwa munthu wina, ndipo ndinawaika m'manda pamodzi naye."

Yesaya anatenga chitini chopanda kanthu, anachidzaza phulusa la pamafuwa, n'kunyamuka.

3. Thanki youma

Zakeyo anali atakhala pa bokosi la zida, mwendo pamwamba pa unzake.

"Msuweni, wanyamula chiyani m'chitinimo? Ufa wochokera kwa mkazi wako?"

"Mkazi ndikudikira mlongo wanu, asuweni. Akuti ndikule kaye. Ili ndi phulusa."

Amisiri ena anaseka. Zakeyo sanaseke. Phulusalo ankalidziwa ntchito yake.

"Taya zimenezo. Sakaniza simenti. Tipaka lero, mawa penti, Loweruka dona apeze poyera."

"Madzi sanalowemo."

"Alowamo bwanji? Thanki yauma, pampu inafa Lolemba, chitsulo chake chinapita ndi lole ku Lilongwe. Ufuna dona adikire pampu?"

"Ndifuna mapaipi amwe madzi. Akamwa, ndipaka."

"Ndati sakaniza simenti."

"Sindipaka, asuweni."

Nyundo zonse zinaima. Pa esiteti imeneyo panalibe wophunzira ntchito amene anayamba wauzapo kapitawo kuti ayi.

Zakeyo anaimirira pang'onopang'ono. "Iwe, amene anakupemphera malo pano ndine. Ndinakumvera chisoni, mwana wamasiye. Tikiti yako ya ntchito ili m'thumba mwangamu. Ndikaing'amba, palibe esiteti kuyambira kuno mpaka ku Namitete imene ingalembe mwana wa Elifasi. Udzafera pa khasu."

"Mfundozo zili ndi timizere tanga. Khoma likadzalira, adzatchula ine, osati inu. Munachitapo kale."

Mawu omalizawo anatuluka okha. Nkhope ya Zakeyo inachita mdima, kenaka anaseka kuseka kwa mano okha.

"Chabwino, mmisiri wamkulu. Madziwo uwatenga kuti? Ukakodzera m'thanki? Taona mthunzi wa thankiwo. Mthunziwo ukafika pakhonde, ndipaka ndekha, iwe uzipita kwa amako. Anzanga, mwamva nonse, eti?"

Thanki inali pamwamba pa nsanja ya njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo chitsime chinali kudambo, mtunda ndithu. Yesaya anapempha amisiri anzake kuti amuthandize kutunga. Wina anayang'ana kumwamba, wina pansi.

"Ife tisenze ndowa pamutu? Tili ndi ndevu ife," anatero mmodzi.

Ndevu zimenezo zinalipo tsiku limene ankapirikitsa Elifasi, ndipo sizinanene kanthu. Yesaya anatenga ndowa n'kutsika yekha kudambo.

4. Mzere wochokera kudambo

Ulendo woyamba amisiri anamuimbira mluzu. Wachiwiri anamufunsa ngati wapeza kale womufunsira mbeta. Madzi ankatayikira m'khosi mwake chifukwa analibe nkhata. Ankakwera makwerero, n'kukhuthula, madziwo n'kungomveka pha pansi pa thanki, osafika ndi pa kamwa la paipi pomwe. Mthunzi unali kuyenda.

Ulendo wachitatu anapeza amayi a m'mudzi ali pachitsime. A Nambewe anali pomwepo, ndi a Selina, mnansi wawo wa mawu ngati lipenga.

"Mayo ine! Amake Yesaya, mwana wanu wasanduka ntchembere!" anakuwa a Selina.

"Wasenzeranji ndowa?" anafunsa a Nambewe.

Yesaya anafotokoza mwachidule za thanki, za mthunzi ndi za tikiti.

A Nambewe anatula mtsuko wawo pansi. "Amayi inu, mwamva? Kumtundako kuli amuna asanu ndi mmodzi, onse andevu, akuonerera mwana mmodzi. Mwamuna wanga munamulira nonse, ena munagubuduka ndi pansi pomwe. Misozi ija sinandithandize kanthu. Lero ndikupempha madzi. Wosafuna apite akaphike, sindimusungira mangawa."

"Kunyumba kwa mzungu? Agalu aja bwanji?" anafunsa mtsikana wina.

"Agalu ake ndi omangirira. Osamangirira ndi Zakeyo yekha," anatero a Selina, n'kupinda nkhata. "Tiyeni. Ndakhala ndikufuna kuona kumene azungu amasambira."

Unali mzere wautali, mitsuko ndi zidebe, wina mwana kumsana. Yesaya anakhala pamwamba pa nsanja akukoka ndowa ndi chingwe, amayi akuthiramo pansi. Manja ake anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Pobwerera kudambo a Selina anayambitsa nyimbo yongopeka pomwepo, yakuti kapitawo aopa madzi ngati mbuzi, ndipo anzawo ankavomera akuomba m'zidebe.

Zakeyo anatuluka pakhonde. "Amake Yesaya, pano ndi pa ntchito, si pa mtondo! Chotsani anthu anuwa!"

"Zakeyo iwe, ndinakusambitsapo uli ndi chipere m'mutu. Usandikwezere mawu. Unati madzi, madzi ndi awa."

Mthunzi utatsala phazi limodzi kuti ukhudze khonde, Yesaya anasuzumira m'thanki. Madzi anali atapitirira theka. Anatsika.

5. Phulusa linena

Anatsegula chotsekera cha pansi pa thanki. M'bafa mapaipi anatsokomola, mpweya unatuluka, kenaka madzi anathovoka pa mipopi yonse iwiri. Amayi amene anadzazana pazenera analulutira. Yesaya anatseka mipopi, anapukuta mapaipi ndi nsanza mpaka gwa, n'kuwaza phulusa pa mfundo iliyonse. Mfundo zinalipo zisanu ndi ziwiri.

Anadikira. Munthu akanatha kukazinga chimanga n'kuchidya.

Mfundo zisanu ndi imodzi zinakhala mbee. Koma pa yomaliza, pa kachitsulo kokhota kamene kamatulutsa paipi m'khoma kupita ku mpopi wa madzi otentha, panaoneka kadontho kakuda ngati nthata. Kanakula ngati nyemba. Phulusa linanyowa n'kugwa, ndipo timizere titatu tinaonekera bwinobwino.

Zakeyo anaomba m'manja. "Bwerani muone! Magazi sanama! Bambo wake ankakodza m'khoma, mwananso yemweyo! Waitana mudzi wonse kuti udzaone manyazi ake!"

Nthawi yomweyo panamveka nsapato pakhonde. Bwana Chipewa anali atabwera kuchokera ku nazale ya fodya, ndipo anapeza bwalo lake ladzaza mitsuko.

"N'chiyani ichi? Chifukwa chiyani khoma lili lotsegula?"

"Bwana, mnyamatayu wakana lamulo," anayankha Zakeyo msangamsanga. "Ndiponso ntchito yake ikudontha. Onani."

Mzunguyo anawerama, anakhudza paipi, anayang'ana chala chake. "Wamanga apa ndani?"

Apa mvetsani, inu ana a sukulu. Yesaya akanatha kunena kuti khonje linali lovunda. Akanatha kunena kuti zida n'zakutha. Anthu ambiri amakalamba akunena zotero.

"Ndine, bwana. Timizere ito ndi tanga. Khonje ndinalikulunga mobwerera, ndiye pomanga linathawa pamazinga. Ndalakwa ine."

"Walakwa, ndipo ukunena wekha?"

"Khoma likadali lotsegula, bwana. Ndikonza tsopano lino. Tikanapaka m'mawa muja, mukanadziwa mvula ikutha, njerwa zitafewa."

Mzunguyo analoza bokosi limene Zakeyo ankakhalira. "Mpatse sipanala."

Zakeyo anatulutsa sipanala yaikulu yogwirira mapaipi, imene amisiri amati bobojani. Chogwirira chake chinali chosalala ndi dzanja la Elifasi. Yesaya anatseka madzi, anamasula kachitsulo kaja, anachotsa khonje lakale, anakulunga latsopano motsata mazinga, anapaka penti, n'kumanga. Anatsegulanso madzi, anapukuta, anawaza phulusa.

"Tsopano paka," anatero mzungu.

"Mawa m'mawa, bwana. Phulusa ligone."

"Mawa? Ndiye penti liti? Dona apeza khoma lopanda penti!"

"Apeza louma, bwana."

Khosi la mzunguyo linafiira. Zakeyo anapisa dzanja m'thumba mmene munali tikiti. Pamenepo mawu anachokera pakhomo la bafa. A Nambewe anali atalowa m'nyumba ya mzungu ndi mapazi a matope, ndipo sanagwade.

"Bwana, ine ndine mkazi wa Elifasi, amene munamuchotsa. Mwaona timizere ta mwanayu. Bambo wake ankachekanso chimodzimodzi, mfundo iliyonse. Khoma la nyumba yanu yakale simunalitsegule. Munangofunsa pakamwa pa munthu, n'kutseka madzi, nyumbayo n'kuisandutsa mosungira ziguduli. Mwamuna wanga anafa ndi dzina loipa. Kaphwanyeni khomalo. Podonthapo mukapeza timizere titatu, ndidzabwera ndekha kudzagwada pano. Mukapanda kutipeza, mufunse amene anapaka."

"Amake Yesaya, zakale zimenezo," anatero Zakeyo. Mawu ake anali atachepa. "Akufa tiwaleke agone."

"Akugona iwo. Ine sindinagone zaka zitatu."

Bwana Chipewa anayang'ana mayiyo, anayang'ana kapitawo wake, anayang'ananso phulusa.

"Lolemba," anatero. "Iwe mnyamata udzagoba khoma lakale, ine ndikuona. Tikapeza timizere, ntchito yako yatha, ndipo iwe ndi amayi ako musadzapondenso pano. Tikapanda kutipeza..." Sanamalize. Anatambasula dzanja kwa Zakeyo. "Tikiti ya mnyamata ndisunga ine."

6. Lamulungu m'mawa

Lachisanu m'mawa phulusa linali loyera pa mfundo zonse zisanu ndi ziwiri. Yesaya anaitana amisiri andevu aja kuti aone ndi maso awo, kenaka anasakaniza simenti. Anakulunga mapaipi ndi mapepala a matumba a simenti, anadzaza ngalande, anasalaza. Anamangirira beseni pamalo pake. Pofika masana munthu sakanadziwa kuti m'khomamo mukuyenda madzi.

Dona anafika Loweruka. Anadandaula za mizere iwiri yotuwa ya simenti pansi pa beseni lake. Anatsegula mpopi, anasamba m'manja, n'kuiwala.

Lamulungu m'mawa Yesaya ndi mayi ake ananyamuka kupita ku Misa. Njira yachidule inkadutsa kuseri kwa nyumba yakale ija. Pa esiteti panali zii, antchito onse ali kwawo.

"Ukuopa za mawa?" anafunsa a Nambewe.

"Pang'ono. Nanga bambo akakhala kuti analakwitsadi? Inenso ndinalakwitsa."

"Akakhala analakwitsa, tidzadziwa, ndipo ndidzagwada monga ndinanenera. Chimene ndakana ine n'kusadziwa."

Yesaya anaima mwadzidzidzi. Pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumbayo panali potsamira njinga yakuda, ya belu lomangidwa ndi waya. Mudzi wonse unkaidziwa njinga imeneyo: inali ya Zakeyo. Chitseko chakumbuyo, chimene chinakhala chokhoma zaka zitatu, chinali chotsegula pang'ono.

M'katimo munkamveka nyundo pa tchizulo. Go. Go. Go. Kenaka inaleka, ndipo kunayamba kaphokoso kena kakang'ono, kamene Yesaya ankakadziwa kuposa munthu aliyense: tupa likudya chitsulo.

"Akucheka timizere," ananong'ona Yesaya.

A Nambewe anavula korona m'khosi n'kumuika m'manja mwa mwana wawo. Anamanga nsalu yawo m'chiuno zolimba.

"Mulungu atidikira. Thamanga ukadzutse mzungu, umuuze abwere ndi chipewa chake chomwe. Ine ndikaima pakhomopo. Timizere ta lero timawala, ta zaka zitatu tili ndi dzimbiri. Atulukire pa ine ngati angathe."

Anapatuka m'njira n'kulunjika kuchitseko. Yesaya anali atayamba kale kuthamanga.